Mlandu wa ulesi pa shifiti ya usiku ku bwalo la ndege la Lusaka

Lipoti ili ndalembera anzanga amene amaimira ogwira ntchito m'mabwalo a ndege, makamaka ma shop steward osankhidwa kumene. Likufotokoza mlandu wa bambo ena, mtsogoleri wa gulu lonyamula katundu pa ramp (malo amene ndege zimaima potsitsa ndi kukweza katundu), amene anaimitsidwa ntchito mu 2024 powaganizira kuti ankachedwetsa ndege dala. Ine ndimagwira ku load control, ofesi yowerengera kulemera kwa ndege isananyamuke, ndipo nthawi imeneyo ndinali mlembi wa nthambi ya yuniyoni yathu. Sinditchula dzina la munthu, la kampani yathu, kapena la eni ndege yokhudzidwa.

Mmene zinthu zinalili

Wokwera ndege pa Kenneth Kaunda International Airport amaona terminal yatsopano imene inatsegulidwa mu 2021, koma anthu ogwada m'mimba mwa ndege sawaona. Ndege ikangoima, gulu la pa ramp limatchinga matayala ndi ma chock, limaika ma cone, limakokera belt loader (makina a lamba otsitsira ndi kukwezera zikwama) pachitseko n'kuyamba kutsitsa. Ndege zikuluzikulu zimabwera ndi katundu wolongedwa kale m'makontena, koma Boeing 737 imafuna manja. Munthu amalowa m'chipinda chimene sangaimiriremo, n'kumakoka zikwama chogwada, chimodzichimodzi. Chikwama wamba chimafika makilogalamu 23, ndipo cholemera kwambiri chimene chimaloledwa ndi cha 32. Kutsitsa ndi kukweza, zonse ziyenera kutha ola lisanakwane.

Makampani ambiri a ndege masiku ano salemba okha anthu a pa ramp. Amapangana ndi kampani ina kuti iziwagwirira ntchitoyi, ndipo chachikulu m'panganolo ndi nthawi. Ndege ikachedwa kunyamuka, mphindi zake zimalembedwa pamodzi ndi nambala ya chifukwa, potsatira ma delay code a IATA, bungwe la makampani a ndege a padziko lonse, ndipo lipotilo limapita kwa eni ndege. Ma code oloza pa ramp akachuluka, kampani imadulidwa ndalama kapena imauzidwa kuti kontirakiti ipita kwa ena. Mantha amenewa amayambira kwa manejala wamkulu, amatsikira kwa supavaiza, n'kukathera pa munthu wogwada uja.

Kwathu anthu anachepetsedwa mu 2020 pamene Covid-19 inaimitsa maulendo. Ndege zitabwerera, antchito okhazikika sanabwerere onse. Mipata inatsekedwa ndi anyamata a makontirakiti a miyezi yochepa, ndipo ambiri mwa iwo ankaopa kulowa yuniyoni.

Chaka cha 2024 aliyense wa mu Lusaka akuchikumbukira. Mu February boma linalengeza kuti chilala chafika pa tsoka la dziko lonse. Thumba la ufa wa breakfast la makilogalamu 25 linadutsa K300, ndipo mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, umene bungwe la JCTR limawerengera mwezi ndi mwezi, unadutsa K10,000. Wonyamula katundu kwathu akachotsa 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA, 1 peresenti ya inshuwaransi ya umoyo ya NHIMA, ya yuniyoni ndi ya ngongole, ankatsala ndi ndalama yosafika ngakhale theka la mtengowo. Ambiri anali m'manja mwa a kaloba, obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu. Ena akaweruka m'mawa ankapita kukagwira pisiweki m'komboni, madzulo n'kubwerera pa ramp maso ali psuu.

Chiyambi cha mlandu

Mawu akuti ulesi anayamba kumveka pa ma briefing. Ndege za usiku ndi za mbandakucha zinkachedwa kawirikawiri, ndipo pa bolodi panaikidwa chikalata chonena kuti aliyense wogwira ntchito monyinyirika aona zakuda. Masiku omwewo supavaiza wina anajambula bambowa atagona pa benchi m'chipinda chopumira, ali chivalire reflector, ndipo chithunzicho chinafika pa WhatsApp ya mamanejala.

Bambowa kwawo ndi ku Katete ndipo amakhala ku Mtendere. Anali atagwira pa ramp zaka zoposa 10, fayilo yawo ilibe chenjezo ngakhale limodzi.

Usiku wa mlanduwo ndege ya 737 inafika mochedwa, aliyense akufuna kubweza mphindi zotayikazo. Belt loader imodzi inali itafa ndipo gulu linali loperewera. Atatsala pang'ono kutseka zitseko, bambowa anazindikira kuti ngolo yathunthu ya zikwama, imene pepala la malangizo linati ilowe chipinda cha kutsogolo, anyamata anailongeza kumbuyo. Supavaiza anawauza kuti asaine, ndege ipite. Iwo anakana, nati zikwamazo zisamutsidwe, apo ayi a load control auzidwe kuti akonze load sheet, pepala losonyeza kulemera kwa ndege. Mawu anakwera mbali zonse. Zikwama zinasamutsidwa, ndipo ndege inanyamuka itachedwa pafupifupi theka la ola. Kutacha analandira kalata yowaimitsa ntchito pa milandu itatu: kuchedwetsa ndege dala ndi kukopa anzawo kuchita go-slow (kugwira ntchito pang'onopang'ono dala), kusamvera wamkulu, ndi kugona pa ntchito.

Zimene tinapeza

Tisanayankhe chilichonse tinalembera kampani kupempha mapepala. Employment Code Act ya 2019 salola kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mpata woyankha, ndipo munthu sangayankhe umboni umene sanauone. Tinapempha malipoti a kuchedwa kwa ndege, ndandanda ya mashifiti, zolemba za makina odindira nthawi, zolemba za pageti la chitetezo, buku lolembamo zida zowonongeka, ndi mapepala onse a katundu a usikuwo. Zina zinabwera msanga. Buku la zida ndilo linafuna kukumbutsa.

Kuchedwa kochuluka kunali kutalembedwa code 32. Pa mndandanda wa IATA, 32 ndi kuchedwa kwa potsitsa ndi pokweza katundu, ndipo kuperewera kwa anthu onyamula kuli momwemo. Code 33 ndi ya zida zokwezera katundu zikasowa kapena zikawonongeka. Manejala ankaona 32 n'kumva kuti manja akuchedwa. Ife tinaika malipotiwo pambali pa buku la zida ndi ndandanda ya mashifiti, ndipo zinaoneka poyera kuti mausiku ambiri a 32 anali omwe belt loader inali yakufa, kapena gulu linali lopereweza munthu mmodzi kapena awiri. Sindikhulupirira kuti wina anabisa dala. Wolemba code pakati pa usiku amangotenga nambala imene analemba dzulo. Koma anzanga dziwani kuti nambalayi imangonena pamene ndege inachedwera. Wolakwa amapezeka m'mabuku ena, ndipo mabukuwo sabwera okha pa tebulo la mlandu.

Chithunzi chija chinadzimasula chokha titaona nthawi imene chinajambulidwa. Gulu la bambowa linali pa shifiti yodula pakati: kubwera madzulo, kugwira ndege za usiku, kumasulidwa maola angapo osalipidwa, n'kubwereranso ku ndege za mbandakucha. Nthawi imeneyo minibasi kulibe pa Great East Road, ndipo takisi ya Yango yopita ku Mtendere ndi kubwerako ingadye malipiro a tsiku lonse. Ndiye anthu ankagona pa benchi. Bambowa anajambulidwa akugona m'maola amene kampani yomweyo sinkawalipira.

Pa ovataimu ndi pamene panali bala lenileni. Lamulo limati wogwira kupitirira maola 48 pa sabata alipidwe ola ndi theka pa ola lililonse lowonjezera, ndipo wogwira pa holide ya boma kapena pa tsiku lake lopuma alipidwe kawiri. Ndandanda ya mashifiti inkaonetsa maola 48 ndendende. Makina odindira ankaonetsa zina, chifukwa pa ramp palibe amene amaweruka ndege yake isananyamuke, ndipo ndege ikachedwa kumene ikuchokera, gulu lonse limadikira. Koma lamulo la m'kampani linkati ovataimu ilipidwa pokhapokha manejala atasaina fomu ntchitoyo isanagwiridwe. Ndege imachedwa 1 koloko usiku, manejala ali mtulo kunyumba kwake. Maolawo ankangosowa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ma steward ena amaganiza kuti ntchito yathu ndi kukana chilichonse chimene bwana wanena. Khama linali litatsikadi pa ramp. Anthu amene kale ankathamangira ndege anali atayamba kuyenda. Ena ankakhala pafoni ngolo zikudikira. Mamanejala sankanama pa zimene ankaona, koma sanafunse kuti zinayamba liti ndiponso chifukwa chiyani. Munthu wodziwa kuti ola limene akugwira silidzaoneka pa payslip, amene wasiya ana opanda ufa, amene mawondo ake akhala akugwada pa chitsulo usiku wonse, mungamuopseze ndi zikalata pa bolodi, koma liwiro lake silibwerera. Chomwe chinandikhudza n'chakuti bambowa, amene ankatchedwa mtsogoleri wa aulesi, ndi amene anakana njira yachidule pa ola limene aliyense ankafuna kungotseka chitseko n'kupita kukagona.

Chimene sitinkachiyembekezera

Poyerekeza zolemba za makina odindira ndi za pageti la chitetezo, tinaona kuti khadi la mnyamata wina wa kontirakiti linkadinda mwiniwake asanalowe pageti. Zinachitika kangapo, ndipo nthawi zonse pa shifiti ya bambowa. Ndinawaitana paokha.

“Bambo, mapepalawa akuonetsa kuti khadi la mnyamata uja linkadinda iye asanafike. Ndiuzeni lero, ndisakazimvere pamaso pa mabwana.”

Anakhala chete kanthawi. “Amayi, ndine ndinkamudindira. Mwana uja amachokera ku Kanyama, ndipo nthawi imene shifiti imayamba basi kulibe. Akachedwa katatu kontirakiti yake yatha. Ali ndi mkazi ndi kakhanda.”

Kampani inali isanazione. Komiti ya nthambi inagawanika, ena akuti tingokhala chete popeza mlanduwu sunali m'kalata. Tinagwirizana kuti tiutchule tokha, bambowa atavomereza. Mapepalawo tinawapempha ndife, ndipo tinkadziwa kuti a HR adzawawerenganso. Komanso pa bwalo la ndege, kudziwa amene ali mkati ndi amene sanafike si nkhani yamasewera. Koma chifukwa chachikulu chinali chakuti dandaulo lathu lonse la ovataimu linatsamira pa makina odindira omwewo. Kampani ikanatulukira yokha kuti makadi ankadindidwa mwachinyengo ndipo yuniyoni inadziwa n'kubisa, ikanakana zolemba zonse, ndipo maola a anthu onse akanapita ndi chinsinsi chimodzicho. Potchula tokha tinatha kuonetsa masiku enieni okhudzidwa, n'kunena kuti zina zonse zikugwirizana ndi za pageti.

Bambowa sanakondwe, koma anamvetsa. Anangopempha kuti mnyamatayo auzidwe kaye, ndipo tinatero. Tsiku lomwelo mnyamatayo anadzaza fomu ya yuniyoni.

Msonkhano wa nthambi

Mamembala ankafuna go-slow yeniyeni. Mnyamata wina anaimirira nati: “Amayi, inu mumakhala mu ofesi yozizira bwino, ife mawondo atha. Atinena kale kuti tikuchita go-slow, ndiye tiwaonetse yeniyeni.” Anthu anawomba m'manja, ndipo sindingamunene kuti analankhula zopanda pake.

Tinakana, ndipo tinafotokoza chifukwa. Industrial and Labour Relations Act, Chapter 269, ili ndi njira yake: mkangano ulengezedwe, upite kwa oyanjanitsa, ndipo kuyanjanitsa kukalephera m'pamene mamembala amavotera sitiraka. Wonyanyala ntchito osadutsa njirayi lamulo silimuteteza, ndipo oyamba kuchotsedwa akanakhala anyamata a kontirakiti, amene sachita kufunika mlandu kuti apite. Chinanso, go-slow ikanapatsa kampani umboni umene inalibe. Mlandu woyamba wa bambowa unali wokopa anzawo kuchita go-slow, ndiye ife tikanautsimikiza ndi manja athu. Eni ndege nawonso akanayamba kulandira malipoti a code 98, ya kunyanyala ntchito kwa anthu a kunja kwa kampani yawo, ndipo kontirakiti ikanatha, tonse tikanakhala pamsewu.

M'malo mwake tinapempha mamembala zinthu ziwiri. Aliyense agwire ntchito motsatira ndondomeko yonse, osadumpha kanthu komanso osazengereza. Ndipo gulu lililonse likhale ndi kabuku kake kolembamo nthawi yofika ndege, anthu amene analipo, zida zimene zinali zakufa, ndi nthawi yoweruka. Tinalekanitsanso mafayilo, ya mlandu wa bambowa payokha, ya ovataimu ndi mashifiti payokha. Mukaziphatikiza, tsiku lina bwana adzakuuzani kuti munthu wanu abwerera mukasiya za ovataimu, ndipo mudzasowa poyankha.

Tsiku la mlandu

Mlandu wa kugona unagwa mofulumira titaonetsa nthawi ya chithunzi ndi ndandanda ya shifiti. Wa go-slow unagwa titaika malipoti a code 32 pambali pa buku la zida. Wotsala unali wa kusamvera, ndipo apa kampani inalimba, ponena kuti wamkulu akalamula, wantchito achite kaye n'kudandaula pambuyo.

Ine usikuwo sindinali pa ntchito, choncho umboni wa load control unaperekedwa ndi mnzanga amene anakonza load sheet. Anali ndi mantha, koma anafotokoza bwino. Load sheet imene woyendetsa ndege amasaina imamuuza kulemera kwa ndege ndi pamene kulemerako kwakhazikika, ndipo iye amakonzera kanyamukidwe kake pa manambala amenewo. Katundu akalowa kumbuyo pepala likunena kutsogolo, manambalawo ndi abodza. Mwina usikuwo ndege ikananyamuka bwinobwino, koma woganiza zimenezo si supavaiza wa pa ramp, ndipo si mtsogoleri wa gulu. Ndondomeko imati kusiyana kulikonse ndi pepala la malangizo kunenedwe ku load control ndege isanachoke. Siginecha ya mtsogoleri wa gulu imatsimikiza kuti katundu ali pamene pepala likunena. Bambowa analamulidwa kusaina chinthu chimene ankadziwa kuti si choona.

Zinthu zinatembenuka pamene tinapempha kuti mkulu woona za chitetezo cha ntchito m'kampani momwemo aitanidwe. Ma steward ambiri amamuiwala munthu ameneyu chifukwa amakhala mbali ya mabwana. Koma ntchito yake imadalira kuti anthu a pa ramp azinena zolakwika mosaopa, ndipo ndi iye amene amayankha pamene a Zambia Civil Aviation Authority kapena eni ndege abwera kudzayendera. Anauza komiti mosapita m'mbali kuti munthu akachotsedwa chifukwa chokana kusaina katundu wosokonekera, palibe wina adzakanenso. Mlandu wa kusamvera unachotsedwa.

Kenako tinatchula za khadi. Bambowa anavomera okha ndipo anapepesa. Anapatsidwa chenjezo lomaliza lolembedwa ndipo anachotsedwa pa utsogoleri wa gulu kwa miyezi ingapo, koma ntchito inatsala, ndipo malipiro a masiku amene anaimitsidwa anabwezedwa. Mamembala ena ananena kuti yuniyoni yawagulitsa. Ndimamvetsa kupweteka kwawo, komabe maganizo anga sanasinthe. Kudindira mnzako ndi mlandu umene m'makampani ambiri umachotsetsa ntchito, ndipo ukanatulukira ndi a HR, bambowa sakanabwerera pa ramp.

Zokambirana za malipiro ndi zotsatira zake

Fayilo yachiwiri inatenga nthawi yaitali. Mabuku a magulu aja anatithandiza kwambiri, chifukwa pa zokambirana sitinkanena kuti anthu akuvutika, tinkatchula tsiku, ndege ndi maola. Kampani inavomera kuti ovataimu iziwerengedwa kuchokera pa makina odindira, ndiponso kuti supavaiza wa pa shifiti azitha kuisainira ntchito itagwiridwa kale. Inavomera basi yotenga anthu pa mashifiti oyamba kapena kutha minibasi kulibe. Mashifiti odula pakati anachepetsedwa ngakhale sanathe. Chiwerengero chochepetsetsa cha anthu pa ndege ngati 737 chinalembedwa m'pangano, ndipo belt loader inakonzedwa.

Pa maola akale kampani inangovomera kulipira a miyezi yochepa yapafupi. Achinyamata ankafuna tipite kukhoti kuti tikatenge zonse. Mdala wina wa pa ramp anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo voti inapita mbali yake. Kukwera kwa basic ndiko kunatikhumudwitsa. Theka lachiwiri la 2024 mitengo inkakwera ndi zoposa 15 peresenti pa chaka, ndipo zimene tinapeza sizinafike pamenepo. Kunena mosabisa, wonyamula katundu anatsala wosauka kuposa chaka chapitacho, kungoti maola ake anayamba kuoneka pa payslip.

Kuchedwa kwa ndege za usiku kunachepa m'miyezi yotsatira, ndipo mawu akuti ulesi anasiya kumveka pa ma briefing. Bambowa anabwezeredwa utsogoleri wa gulu nthawi ya chilango itatha. Nthambi nayo inadziikira lamulo lakuti membala wopezeka akudindira mnzake kapena kusiya ngolo n'kumacheza pafoni aziyamba waitanidwa ndi komiti yathu, nkhani isanafike kwa mabwana. Basi ilipo tsopano, ndiye chifukwa chodindirana chinatha.

Mnyamata wa ku Kanyama ndiye sanapulumuke. Kontirakiti yake itatha sinawonjezedwe, ndipo kampani inati palibe amene wachotsedwa, pangano langofika kumapeto. Apa ndi pamene nthambi yathu inali yofooka kuyambira pachiyambi, chifukwa anthu amene ankanyamula katundu wochuluka usiku ndi omwe pangano lathu ndi kampani silinkawateteza mokwanira. Kuyambira 2015 malamulo a Zambia amaletsa kulemba munthu ngati waganyu pa ntchito imene mwachibadwa ndi yokhazikika, ndipo kutsitsa zikwama pa ndege zobwera tsiku ndi tsiku si ntchito ya nyengo. Tinasonkhanitsa makontirakiti a anyamata onse amene anawonjezeredwa mobwerezabwereza n'kukawapereka ku ofesi ya Labour Commissioner.

Kampani yavomera kukhazikitsa ena mwa anyamatawo, koma ya mnyamata uja yakana. Nthambi inavota kuti nkhani yake ipite ku Industrial Relations Division ya High Court. Dandaulo lotere liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 90 kuchokera pamene njira za m'kampani zatha, choncho tinasunga kalata yomaliza ya kampani yokhala ndi deti lake n'kupereka mapepala nthawi isanakwane. Pamene ndikulemba lipotili mlanduwo ukudikira tsiku, ndipo nkhani ya makontirakiti aafupi taiika poyamba pa zokambirana zikubwerazi.